Matenda Oyenda mu Mpweya: Kodi Masiki Amathandizadi?

Nyengo yachisanu ikafika kuno ku Livingstone, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, usiku kumazizira kufika pansi pa madigiri 10. Mabanja amatseka mawindo, amasonkha mbaula ndi kukhala mothithikana. Alimi a nkhuku nawonso amatsitsa masaka onse a m'mbali mwa khola kuti anapiye asafe ndi chisanu. Pakangopita masabata ochepa, chifuwa ndi chimfine zimamveka m'nyumba, m'kalasi, m'tchalitchi, ngakhalenso m'khola momwe. Ambiri amati chisanu ndicho chabweretsa matendawo. N'zoona kuti mpweya wozizira ndi wouma umathandiza tizilombo tina kukhala ndi moyo nthawi yaitali, koma chachikulu chimene chisanu chimachita ndi kutisonkhanitsa m'zipinda zotseka, mmene aliyense amapuma mpweya umene mnzake wangoutulutsa kumene.

M'phunziro lino tiona mmene mavairasi a chimfine, fuluwenza, chikuku ndi COVID-19 amayendera kuchoka m'mapapo a munthu mmodzi kupita kwa wina. Kenako tiyankha funso limene ophunzira athu amafunsa chaka ndi chaka: kodi masiki amathandizadi, kapena anali lamulo chabe la nthawi ya mliri?

Zimene zimatuluka tikamapuma

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, ndipo pa tsiku mpweya wopitirira malita 10,000 umalowa ndi kutuluka m'mapapo mwake. Mpweya wotulukawo umakhala ndi timadontho ta madzi a m'mapapo, a pakhosi ndi a m'kamwa. Munthu akakhala ndi kachilombo, timadonthoti timakanyamula.

Timadontho timeneti timasiyana kukula, ndipo amatiyeza ndi muyeso wotchedwa maikuloni. Milimita imodzi ikagawidwa zigawo 1,000, chigawo chimodzi ndicho maikuloni imodzi. Madontho oposa maikuloni 100, amene timawaona munthu akayetsemula, ndi olemera, ndipo amagwa pansi m'masekondi ochepa pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri. Timadontho tosakwana maikuloni 5 sitioneka ndi maso, ndipo tingathe kuyandama m'chipinda kwa mphindi zambiri ngakhale maola.

Ife a kuno tili ndi chitsanzo chapafupi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Madzi akachuluka mu Zambezi, munthu woyenda pa kamlatho ka Knife-Edge amanyowa ndi madontho aakulu amene amagwa ngati mvula pomwepo. Koma nkhungu yopepuka imakwera m'mwamba, imatengedwa ndi mphepo, ndipo imaoneka munthu ali pa mtunda wa makilomita ambiri. Mpweya wathu umachitanso chimodzimodzi: zolemera zimagwa pafupi, zopepuka zimayenda. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhungu ya pa mathithi imabalalika kuthambo, pamene ya m'kamwa mwathu, tikakhala m'chipinda chotseka, ilibe kolowera ndipo imangochulukirachulukira monga utsi wa mbaula.

Kutsokomola ndi kuyetsemula kumatulutsa timadontho tambiri nthawi imodzi, koma kupuma, kulankhula ndi kuimba kumatulutsanso, ndipo kumachitika mosalekeza. Mawu akamakwera, timadonthoto timachulukanso.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'chaka cha 1934, William Wells wa ku yunivesite ya Harvard ku America anafotokoza kuti timadontho tating'ono timauma tisanafike pansi, n'kutsala kanthu kopepuka koyandama. M'zaka za m'ma 1950, Richard Riley ndi anzake mumzinda wa Baltimore anatenga mpweya wa m'chipinda cha odwala chifuwa chachikulu n'kuupititsa m'mapaipi kukafika kumene anasungako mbira. Mbirazo sizinakhudzane ndi wodwala aliyense, koma zina zinatenga matendawo. Chifuwa chachikulu chimayamba ndi bakiteriya osati vairasi, koma njira yoyendera ndi yomweyo. Kachilombo ka chikuku nako kangakhale mu mpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwalayo atatulukamo.

Zimene khola la nkhuku limatiphunzitsa

Mlimi wa nkhuku amadziwa zimenezi ngakhale sanawerenge buku lililonse. Khola likakhala lotseka mbali zonse, fungo la zitosi limalasa m'maso, utuchi wa pansi umanyowa, ndipo posakhalitsa nkhuku zimayamba kuyetsemula ndi kupuma mokoka. Chitopa chikalowa m'khola lotere, chimamaliza nkhuku m'masiku ochepa, chifukwa kachilombo kake kamafala kudzera mu mpweya, m'mamina ndi m'zitosi. N'chifukwa chake timaphunzitsa kuti khola likhale ndi waya m'mbali kuti mphepo izidutsa, nkhuku zisathithikane, ndipo ngakhale nthawi yachisanu tisiye mpata pamwamba pa masaka kuti mpweya woipa uzituluka.

Ndipotu vairasi yoyamba ya banja la corona imene asayansi anaidziwa inapezeka mu nkhuku. M'chaka cha 1931, ku North Dakota ku America, madokotala a ziweto analemba za matenda atsopano a chifuwa amene ankapha anapiye, ndipo m'zaka zotsatira vairasi yake inadziwika. Vairasi imeneyo siigwira anthu, koma ndi ya banja limodzi ndi imene inabweretsa COVID-19. Choncho malamulo atatu a m'khola amagwiranso ntchito m'nyumba za anthu: mpweya uzidutsa, pasakhale kuthithikana, ndipo wodwala apatulidwe msanga.

Nkhani ya kwaya ina

Pa 10 Malichi 2020, oimba 61 a kwaya ya ku Skagit Valley, m'chigawo cha Washington ku America, anasonkhana m'holo ya tchalitchi kuti akonzekere nyimbo. Iwo anali atamva za mliri, choncho anapaka mankhwala m'manja ndipo anapewa kukumbatirana. Mmodzi yekha ndiye anali ndi zizindikiro ngati za chimfine. Anaimba kwa maola awiri ndi theka. M'masiku otsatira, anthu 53 mwa 61 aja anapezeka akudwala, ndipo awiri anamwalira. Munthu mmodzi sakanatha kukhudza kapena kutsokomolera anthu onsewo, pakuti ena anakhala kutali naye. Chimene onse anagawana chinali mpweya wa m'chipindamo.

Ngakhale zinali choncho, panapita nthawi kuti mabungwe aakulu avomereze. Poyamba bungwe la World Health Organization linkatsindika za madontho aakulu ndi malo okhudzidwa ndi manja. Mu Julayi 2020, asayansi 239 motsogozedwa ndi Lidia Morawska wa ku Australia analemba kalata yopempha kuti njira ya mu mpweya iganiziridwe. Bungwelo linadzanena momveka mu Epulo 2021 kuti kachilomboka kangayende mu mpweya kupitirira mita imodzi m'zipinda zopanda mphepo yokwanira.

Zimene zinachitika kwathu kuno

Livingstone ndi khomo la dziko, ndipo matenda a mu mpweya amalowera pamene anthu amalowera. Mu Seputembala 1918, zombo ziwiri zotchedwa Jaroslav ndi Veronej zinafika ku Cape Town ndi antchito obwerera kuchokera ku nkhondo ya ku Ulaya, ena mwa iwo ali ndi fuluwenza. Anthuwo anakwera sitima za pamtunda kupita kwawo, ndipo matendawo anatsata njanji. Mu Okutobala anali atafika ku Bulawayo, kenako anawoloka mlatho wa pa mathithi, womwe unamangidwa mu 1905, n'kulowa mu Livingstone, limene panthawiyo linali likulu la Northern Rhodesia. Kuchokera kuno anapitirira kumpoto kumigodi ndi kumidzi. Padziko lonse, akuti mliriwo unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni.

Patapita zaka zoposa 100, pa 18 Malichi 2020, boma linalengeza odwala awiri oyamba a COVID-19 m'Zambia, ndipo pa 20 Malichi masukulu anatsekedwa. Alendo odzaona mathithi anasiya kubwera, malo ogona alendo anakhala opanda anthu, ndipo alimi amene ankagulitsako mazira, nkhuku ndi ndiwo zamasamba anasowa msika. Mlimi amene sanadwale n'komwe anamvabe ululu wa mliriwo m'thumba.

Mu Julayi chaka chomwecho, Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe othandizana nawo anayenda khomo ndi khomo m'maboma 6: Kabwe, Livingstone, Lusaka, Nakonde, Ndola ndi Solwezi. Anthu oposa 4,000, odwala ndi osadwala omwe, anatenga nawo mbali. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse anali ndi kachilomboka kapena anali atakhalapo nako. Pa wodwala mmodzi aliyense wolembedwa m'mabuku a boma, iwo anawerengera kuti panali anthu pafupifupi 92 amene anatenga kachilomboka. Ndipo mwa amene anapezeka nako panthawi yoyezayo, pafupifupi atatu mwa anayi alionse analibe chizindikiro chilichonse.

Mfundo yotsirizayi ndi yofunika kwambiri pa phunziro lathu. Ngati munthu angafalitse matenda iye akudzimva kuti ali bwino, ndiye kuti kupatula otsokomola okha sikukwanira. Apa m'pamene nkhani ya mphepo yodutsa m'chipinda ndi ya masiki imalowera.

Mmene masiki imagwirira ntchito

Ena amati vairasi ndi yaing'ono kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a maikuloni, choncho kuvala masiki kuli ngati kutchinga udzudzu ndi waya wa khola la nkhuku. Fanizoli limamveka lanzeru, koma limaphonya zinthu ziwiri. Choyamba, vairasi situluka yokha m'kamwa. Imakhala mkati mwa kadontho kamene n'kakakulu kuposa iyo. Chachiwiri, masiki yabwino si sefa ya mabowo oongoka. Ndi ulusi wambirimbiri wopiringizana mosanjikizana, ndipo kadontho kakamadutsa mokhotakhota kamagunda ulusi n'kumatirira. Masiki zotchedwa N95, KN95 ndi FFP2 zili ndi ulusi wokhala ndi mphamvu yokoka tinthu tating'ono, monga mmene chipeso chapulasitiki chokhuzidwa pa tsitsi chimakokera tizidutswa ta pepala. Dzina lakuti N95 limatanthauza kuti poyesedwa imagwira tinthu 95 mwa 100 kapena kuposerapo, pa tinthu ta msinkhu wovuta kwambiri kugwira.

Motero masiki sizili zofanana. N95 ndi zinzake ndizo zili patsogolo. Masiki yakuchipatala, yabuluu ija, imasefa bwino koma imasiya mipata m'masaya. Yansalu imadalira mtundu wa nsaluyo: chitenje chimodzi chopyapyala chimagwira madontho aakulu okha, pamene nsalu yolukidwa mothina yosanjikiza katatu imachitako bwino.

Zimene kafukufuku wa pakati pa anthu anapeza

Kuyesa nsalu pa makina n'kosavuta. Kuyesa ngati mudzi wonse udwala mocheperapo n'kovuta, ndipo zotsatira zake sizikhala zazikulu monga ena amafunira.

Ku Denmark mu 2020, anthu pafupifupi 6,000 anagawidwa m'magulu awiri, lina louzidwa kuvala masiki yakuchipatala potuluka panyumba, lina ayi. Patatha mwezi, amene anatenga kachilomboka anali 1.8 pa 100 alionse m'gulu lovala ndi 2.1 m'gulu losavala. Kusiyanaku kunali kochepa kwambiri moti sakanatha kunena motsimikiza kuti masiki ndiyo inachititsa. Kafukufukuyu sanayese ngati wovala amateteza anzake.

Ku Bangladesh, pakati pa 2020 ndi 2021, ofufuza anatenga midzi 600 yokhala ndi akuluakulu oposa 340,000. M'midzi ina anagawa masiki ndi kulimbikitsa anthu kuvala, ndipo ovala anakwera kuchoka pa 13 kufika pa 42 mwa anthu 100 alionse. M'midzi imene inalandira masiki yakuchipatala, odwala COVID-19 otsimikizika anachepa ndi pafupifupi 11 pa 100, ndipo pakati pa azaka 60 kupita m'tsogolo anachepa ndi pafupifupi 35 pa 100. M'midzi ya masiki yansalu, phindu silinaoneke momveka.

Mu Januwale 2023, bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, linatulutsa lipoti lakuti kulimbikitsa masiki pakati pa anthu mwina kumasintha zochepa kapena sikusintha kanthu. Ambiri anafalitsa kuti masiki ndi yachabe. Mu Malichi chaka chomwecho, mkonzi wamkulu wa bungwelo, Karla Soares-Weiser, anafotokoza kuti kumeneko kunali kumva molakwa: lipotilo linaunika ntchito yolimbikitsa anthu kuvala, ndipo umboni wake sunali wokwanira kugamula mbali iliyonse, makamaka chifukwa ambiri opatsidwa masiki sankavala mokhulupirika.

Mlimi angamvetse bwino kusiyana kumeneku. Tikagawa feteleza m'mudzi, ena n'kuthira mochedwa, ena n'kugulitsa, ena n'kuusiya panja mvula n'kuunyowetsa, zokolola za mudzi wonse zidzakwera pang'ono chabe. Zimenezo sizisonyeza kuti feteleza alibe mphamvu m'munda wa munthu amene anathira pa nthawi yake ndi pa muyeso wake. Yankho loona la funso lathu ndi ili: masiki yabwino, yogwira nkhope bwino, yovalidwa nthawi yonse imene munthu ali pa malo oopsa, imachepetsa tizilombo tolowa ndi totuluka. Siichotsa ngozi yonse. Ndipo masiki yolendewera pachibwano, kapena yovulidwa nthawi yolankhula, siithandiza aliyense.

Kavalidwe koyenera

Mpweya uli ngati madzi a mu ngalande ya kudimba: umatsata pamene pali mpata. Masiki iphimbe mphuno, pakamwa ndi chibwano, ndipo kawaya ka pamphuno kapindidwe kuti kagwire. Mukaika manja m'mbali n'kupuma mwamphamvu, musamve mpweya ukutulukira m'masaya kapena m'maso. Ndevu zambiri zimalepheretsa N95 kugwira khungu. Masiki ikanyowa kapena kuda, isinthidwe. Yansalu ichapidwe ndi sopo tsiku lililonse n'kuyanikidwa padzuwa, koma N95 ndi yakuchipatala zisachapidwe, chifukwa madzi ndi sopo zimawononga mphamvu yake yosefa. Masiki yokhala ndi kachitseko kotulutsira mpweya imateteza wovala kuposa mmene imatetezera oyandikana naye. Ana osakwana zaka ziwiri asavekedwe masiki. Za mantha akuti masiki imamana munthu mpweya wabwino, tikumbukire kuti madokotala ochita opaleshoni amaivala maola ambiri akugwira ntchito yofuna maganizo onse.

Zoyenera kuchita pa sukulu, panyumba ndi pamunda

Choyamba ndi mphepo. Mawindo a m'chipinda chogona ophunzira, a m'kalasi ndi a m'tchalitchi atsegulidwe mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko. Nthawi yachisanu ndi bwino kuwonjezera bulangete kusiyana ndi kutseka mpata uliwonse. Mbaula yoyaka isagone m'chipinda chotseka, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo, ndipo masiki siutchinga. Chifuwa chikabuka pakati pathu, maphunziro, misonkhano ndi kukonzekera nyimbo za pa Sabata zichitikire panja pansi pa mtengo. Uphungu umenewu si wachilendo mu mpingo wathu: m'buku la The Ministry of Healing la 1905, Ellen G. White anaika mpweya wabwino ndi kuwala kwa dzuwa patsogolo pa zinthu zachilengedwe zosamalira thanzi.

Chachiwiri ndi kudziwa malo amene masiki ili ndi phindu lalikulu. Munthu wopalira yekha m'munda safunika masiki. Imafunika m'minibasi yodzaza yopita ku Maramba kapena ku Dambwa nthawi imene chimfine chavuta, pa mzere wa kuchipatala, ndiponso posamalira wodwala m'nyumba. Amene ali ndi chifuwa ndiye woyamba kuvala, makamaka ngati panyumba pali agogo, mayi woyembekezera, khanda, kapena munthu wodwala shuga, mtima, mphumu kapena HIV. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, munthu apite kuchipatala cha boma kukayezetsa chifuwa chachikulu, pakuti kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere. Wopuma movutika asadikire.

Chachitatu chikukhudza ntchito yathu. Chimfine cha mbalame chinagwa m'mafamu a nkhuku ku Zimbabwe ndi ku South Africa mu 2017, ndipo mu 2023 South Africa inapha nkhuku mamiliyoni mpaka mazira anasowa m'masitolo. Mu 2024 ku America, vairasi ya H5N1 inapezeka mu ng'ombe zamkaka ndipo antchito ena a m'mafamu anaitenga. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhuku zambiri zikafa mwadzidzidzi, tisadye, tisagulitse, ndipo tidziwitse ofesi ya zaziweto mwamsanga. Pogwira nkhuku zodwala kapena zakufa tivale masiki ya N95, magolovesi ndi nsapato za jombo. Posesa khola tiyambe tawaza madzi pa utuchi kuti fumbi lisabuke, ndipo N95 yomweyo imateteza mapapo ku fumbi la zitosi ndi la chimanga cha nkhungu. Koma tichenjere: masiki ya fumbi siiteteza ku nthunzi ya mankhwala opopera mbewu. Ntchito imeneyo ili ndi chovala chakechake cholembedwa pa botolo la mankhwalawo.

Chachinayi, masiki isatiiwalitse zina. Katemera wa chikuku kwa ana, katemera wa chitopa kwa nkhuku pa nthawi yake, ndi kusamba m'manja ndi sopo, zonsezi zili ndi malo ake. Kolera imene inavuta ku Lusaka kumayambiriro kwa 2024 imayenda m'madzi ndi m'chakudya, ndipo masiki ilibe gawo pamenepo. Chida chilichonse chili ndi ntchito yake, monga khasu ndi chikwakwa.

Inu amene munamaliza maphunziro ndipo muli m'midzi ya ku Kazungula, Zimba, Kalomo ndi kwina, anthu amakufunsani za nkhuku zawo chifukwa amakukhulupirirani. Mukamawaonetsa mpata wa mphepo pamwamba pa khola, aonetseninso zenera la chipinda chimene ana awo amagona.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Fotokozani kusiyana kwa madontho aakulu ndi timadontho toyandama. Ndi ati amene amachepa tikatsegula mawindo?

2. N'chifukwa chiyani kusamba m'manja sikunateteze oimba a ku Skagit Valley? Kwaya ya kwanu ingachite chiyani chifuwa chikabuka?

3. Kafukufuku wa mu Julayi 2020 anapeza kuti ambiri okhala ndi kachilombo analibe zizindikiro. Zimenezi zikusintha bwanji kaganizidwe kathu pa nkhani yopatula odwala?

4. Mnansi wanu akunena kuti asayansi anatsimikiza zoti masiki ndi yachabe. Mungamuyankhe bwanji mwaulemu ndi moona?

5. Yenderani khola la nkhuku ndi chipinda chogona cha pa sukulu pano. Jambulani pamene mpweya umalowera ndi pamene umatulukira, ndipo lembani chinthu chimodzi chimene chingakonzedwe popanda kugula kanthu.